Nzeru za Chigamba Zochokera ku Japan

Popeza tsopano mukutha kuwerenga nokha, lero ndakutengerani nkhani ya dziko lakutali. Koma musanapite patsogolo, tayang'anani kaye chovala chimene mwavalacho. Mwakhala nacho zaka zingati? Nanga chikadzang'ambika mudzatani nacho?

Ndafunsa chotere chifukwa cha zimene ndinaona tsiku lina poyendera kalasi ina. Aphunzitsi anaitana bambo ena kuti akalembe dzina lawo pa bolodi. Bambowo anakana. Kulemba ankatha bwinobwino, koma buluku lawo linali ndi chigamba kumbuyo, ndiye ankaopa kuti akatembenuka anzawo awaseka. Ambiri a ife ndi mmene tilili. Chigamba timachita nacho manyazi, mwakuti timalolera kutenga ngongole kuti tigule chovala china, pamene chakalecho chikanatha kutitumikirabe.

Tsono ku Japan kuli zovala zina zakale za zigamba zokhazokha. Lero zovalazo zimasungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale, ndipo akatswiri osoka ochokera m'maiko ambiri amapita kukaphunzirako nzeru. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni timve mmene zinayambira.

Dziko lozizira, lopanda thonje

Japan ndi dziko la zilumba, ndipo lili kum'mawa kwa Asia. Likulu lake ndi Tokyo. Kumpoto kwenikweni kwa chilumba chachikulu cha Honshu kuli chigawo chotchedwa Aomori. Kuzizira kwa kumeneko sikufanana ndi kwa mwezi wa June kuno ayi. Madzi amauma gwa, ndipo chipale chofewa chimakwirira minda ndi njira kwa miyezi ingapo.

Monga mudziwa, thonje limafuna malo ofunda. Motero ku Aomori silinkamera. Alimi a kumeneko ankalima chomera chotchedwa asa. Chomerachi ndi cha mtundu umodzi ndi chamba, koma iwo ankachilimira luzi lake. Amayi ankasenda luzilo, kuling'amba ting'onoting'ono, kulilumikiza, kulipota ndi kuomba nsalu. Inali ntchito ya miyezi. Nsalu yake inali yolimba, koma yokhakhala ndi ya mipata ngati chiguduli. Mphepo inkangodutsa.

Pamwamba pa zimenezo panalinso lamulo. M'chaka cha 1724 akuluakulu olamulira dera la Tsugaru, limene lero lili m'chigawo cha Aomori, analetsa alimi kuvala nsalu za thonje. Ankafuna kuti anthu wamba asamaononge chuma.

Patapita nthawi zinthu zinayamba kupepukako. Panali zombo zamalonda zotchedwa kitamaebune, zimene zinkanyamuka ku Osaka, kum'mwera kofunda, kupita kumpoto. Mwa katundu wina zombozi zinkanyamula zovala zakale za thonje ndi nsanza zimene anthu a m'mizinda anatopa nazo. Pobwerera zinkatenga manyowa opangidwa kuchokera ku nsomba, amene ankathiridwa m'minda ya thonje ya kum'mwera kuja. Mwaona? Nawonso alimi a kumpoto kwa Japan ankagula kaunjika. Koma kwa iwo kachidutswa kalikonse ka thonje kanali chuma, ndipo sankakataya wamba.

Sashiko: kusoka kolimbitsa nsalu

Nanga munthu amafunda bwanji ndi nsalu ya mipata? Amayi anapeza njira. Ankasanjikiza nsalu ziwiri kapena zitatu, n'kuzisokerera pamodzi ndi timisoko ting'onoting'ono, mzere ndi mzere, mpaka nsalu yonse itadzaza. Kusoka kotere amakutcha sashiko, kutanthauza kubaya pang'onopang'ono. Msoko wake ndi wapafupi zedi: singano kulowa, singano kutuluka, basi.

Ulusiwo unkagwira ntchito ziwiri. Choyamba, unkatseka mipata ndi kusunga mpweya wofunda pakati pa nsaluzo. Chachiwiri, unkalimbitsa malo amene amatha msanga, monga m'mapewa mmene mumadutsa zingwe za dengu lobereka kumsana.

Ku Tsugaru kusokaku kunafika pokhala luso lapadera lotchedwa kogin. Wosoka ankawerenga ulusi wa nsaluyo: 1, 3, 5 kapena 7, n'kubaya singano. Kuchokera m'kuwerengako munkatuluka maluwa okongola a makona anayi. Poyamba ankasoka ndi ulusi wa asa womwewo. Ulusi woyera wa thonje utayamba kupezeka, anayamba kusokera umenewo pa nsalu ya buluu wakuda, ndipo maluwa aja anayamba kuonekera patali. Atsikana ankayamba kuphunzira akadali aang'ono, makamaka m'nyengo yozizira pamene kumunda kunalibe ntchito. Taganizani, ambiri a amayi amenewa sanapite ku sukulu, koma masamu anali m'zala zawo.

Sashiko sinali ya alimi okha. Asodzi ankavala majekete osokedwa motere panyanja. Mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, nyumba zinali za matabwa ndipo moto unkabuka kawirikawiri. Anthu ozimitsa moto ankavala majekete ochindikala a sashiko, n'kuwanyowetsa ndi madzi asanayandikire moto. Nsaluyo inkasunga madzi ambiri ndipo inkawateteza ku malawi.

Boro: chigamba pamwamba pa chigamba

Chovala chikabooka, mayi ankaikapo chigamba n'kuchisokerera ndi sashiko. Chigambacho chikatha ankaikapo china pamwamba pake. Mwana ankalandira chovala cha make, iyenso n'kuonjezapo zigamba zake. Pomatha mibadwo itatu kapena inayi, nsalu yoyamba ija inkavuta kuizindikira. Zovala ndi zofunda zoterezi zimatchedwa boro. Tanthauzo la mawuwa ndi nsanza.

Ziwiri mwa izo n'zoyenera kuzitchula. Donja chinali chofunda chachikulu cholemera, chosokedwa ngati mkanjo wa manja, ndipo m'kati mwake ankaikamo nsanza ndi zotsalira za luzi. Usiku wozizira makolo ndi ana ankagona pamodzi m'menemo kuti azifunditsana. Bodoko inali nsalu yoyala pogona, yolumikizidwa kuchokera ku zidutswa za zovala za anthu a m'banjamo. Mayi ankachirira pa nsalu imeneyi. Motero khanda linkafikira pa zidutswa za zovala za agogo ake.

M'chaka cha 1891 njanji yochokera ku Tokyo inafika ku Aomori. Nsalu za thonje zinayamba kupezeka mosavuta, ndipo luso la kogin linayamba kuzilala. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, dziko la Japan linalemera mofulumira. Anthu anayamba kuchita manyazi ndi boro chifukwa inkawakumbutsa umphawi. Zambiri anazitaya, zina anaziotcha.

Koma panali munthu wina wa ku Aomori komweko, dzina lake Chuzaburo Tanaka, amene anabadwa mu 1933 ndi kumwalira mu 2013. Iye anayenda m'midzi kwa zaka zambiri kusonkhanitsa zovala ndi ziwiya zakale za alimi, pa nthawi imene anthu ena ankaziona ngati zinyalala. Anasonkhanitsa zinthu zoposa 20,000. Mwa zimenezi, boma la Japan linasankha zovala 786 za sashiko n'kuziika m'gulu la chuma chofunika cha chikhalidwe cha dzikolo. Kuyambira 2009 mpaka 2019 boro za Tanaka zinkaonetsedwa ku Amuse Museum mumzinda wa Tokyo, ndipo zinapitanso kukaonetsedwa kunja kwa dzikolo.

Kimono: kudula kopanda zotaya

Nzeru yosamala nsalu inkayambira pa kadulidwe. Mukapita kwa telala, tayang'anani pansi pa tebulo lake. Mupezapo tizidutswa tambiri tokhotakhota. Izi zimachitika chifukwa malaya, madiresi ndi mabuluku amadulidwa motsata thupi la munthu.

Chovala cha makolo a ku Japan, chotchedwa kimono, sichidulidwa motero. Chimasokedwa kuchokera ku mpukutu umodzi wa nsalu, wa masentimita 36 mpaka 40 m'lifupi ndi mamita pafupifupi 12 m'litali. Mpukutuwo amaudula zidutswa 8: ziwiri za thupi, ziwiri za manja, ziwiri zoonjezera kutsogolo, ndi ziwiri za kolala. Zonse ndi zoongoka, za makona anayi. Munthu akakhala wochepa thupi, nsalu yotsalayo saidula, amangoipindira m'kati mwa msoko. Choncho palibe chogwera pansi.

Ubwino wake umaoneka pambuyo pake. Kale pofuna kuchapa kimono bwinobwino, ankamasula misoko yonse, kuchapa zidutswazo, kuziyanika zitatambasulidwa pa matabwa kapena pa timitengo ta nsungwi, kenaka n'kusokanso. Kachitidwe aka amakatcha arai-hari. Posokanso paja mayi ankasintha malo a zidutswa. Pamene paperepeseka kapena padetsedwa ankapaika pobisika, monga m'chiuno mmene mumadutsa lamba wamkulu. Ankathanso kukulitsa kapena kuchepetsa chovalacho kuti chimkwane munthu wina.

Za ana nazo zinali ndi nzeru yake. Ankasoka chovala chachikulupo, n'kuchipinda m'mapewa ndi m'chiuno. Mwana akamakula ankangomasula mopindamo. Inu amene muli ndi ana a sukulu mukudziwa mmene yunifolomu imachepera msanga. Nzeru imeneyi ingakuthandizeni.

Chovala chikatha, nsalu sinathe

Pa nthawi imene amaitcha ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, anthu wamba a m'mizinda kawirikawiri ankagula zovala zovalidwa kale. Mumzinda wa Edo munali ogulitsa zovala zakale ambiri. Chovala cha munthu wamkulu chikatha ankasokamo cha mwana. Cha mwana chikatha chinkasanduka matewera, pakuti thonje lochapidwa kambiri limafewa. Thewera likatha linkakhala chikolopa. Chikolopa chikatheratu ankachisonkhezera pamoto. Ngakhale phulusa linali ndi ogula ake, chifukwa linkafunika m'minda ndi kwa anthu onyika nsalu mu utoto.

Kumidzi kunalinso njira ina yotchedwa sakiori. Nsanza zimene sizikanathekanso kusokedwa ankazing'amba timizere tating'ono totalika ngati zingwe. Timizereto ankatiomba mopingasa pa ulusi wolimba, ndipo pankatuluka nsalu yatsopano yochindikala. Ankasokamo majekete ogwirira ntchito, malamba ndi zofunda.

Utoto wa masamba

Zovala zambiri za alimi zinali za buluu. Utoto wake unkachokera ku masamba a chomera chotchedwa ai. Dera lotchuka pa ulimi umenewu linali Awa, limene lero ndi Tokushima, pa chilumba cha Shikoku. Mtsinje wa Yoshino unkasefukira kawirikawiri n'kusiya dothi lachonde m'minda.

Kapangidwe kake nkotere. Masamba amawakolola ndi kuwayanika. Kenaka amawaunjika m'nyumba, kumawawaza madzi ndi kuwatembenuza nthawi ndi nthawi kwa masiku pafupifupi 100, mpaka atafufuma ngati manyowa. Zimenezi amazitcha sukumo. Wonyika nsalu amathira sukumo mumtsuko waukulu pamodzi ndi madzi a phulusa, onga chidulo chathu chija, gaga wa tirigu ndi laimu. Amausamala mtsukowo kuti ukhale wofunda mpaka utayamba kuwira ngati mowa. Nsalu ikamavuulidwa mumtsukomo imaoneka yobiriwira, koma ikangokhudzana ndi mpweya imasanduka ya buluu. Akainyika kambiri, mtundu umanka nuda. Chovala chikasuluka ankachinyikanso, n'kuoneka ngati chatsopano.

M'chaka cha 1903 minda ya ai ku Tokushima inafika mahekitala pafupifupi 15,000. Koma mu 1897 ku Germany anali atayamba kale kugulitsa utoto wa buluu wopangidwa m'fakitale, wotsika mtengo. Utoto umenewu utafika ku Japan, ulimi wa ai unagwa. Lero ku Tokushima kwatsala mabanja owerengeka amene akupangabe sukumo.

Nsalu ya nthochi

Kum'mwera kwenikweni kwa Japan kuli zilumba zotentha za Okinawa. Kumeneko amaomba nsalu yopepuka yotchedwa bashofu kuchokera ku luzi la nthochi. Si nthochi zodya zija ayi, ndi mtundu wina wolimidwa chifukwa cha luzi. Thunthu limatenga zaka pafupifupi zitatu kuti likhwime. Amalisenda, kuphika makungwa ake m'madzi a phulusa, kupala, kung'amba luzi ting'onoting'ono ndi kulilumikiza ndi timfundo pamanja. Mpukutu umodzi wa nsalu umafuna mathunthu pafupifupi 200.

Nkhondo ya 1945 inasakaza Okinawa ndipo luso limeneli linatsala pang'ono kutha. Mayi wina, Toshiko Taira, anabwerera kumudzi kwawo ku Kijoka nkhondo itatha, n'kusonkhanitsa amayi anzake kuti ayambirenso. Mu 1974 boma linaika bashofu ya ku Kijoka m'gulu la maluso otetezedwa, ndipo mu 2000 linalemekeza mayiyu monga mmodzi mwa amisiri amene ali chuma cha dziko. Anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 101.

Chifukwa chiyani dziko likukumbukira nzeruzi lero?

Yankho lake ndi lakuti masiku ano zovala zachuluka mopitirira muyeso. Makampani aakulu amasoka zovala zotsika mtengo mofulumira, ndipo fashoni imasintha pakangopita masabata ochepa. Munthu amavala chovala kangapo n'kuchitaya. Mu 2017 bungwe la Ellen MacArthur Foundation la ku Britain linapeza kuti chiwerengero cha zovala zosokedwa pa chaka chinawirikiza kawiri pakati pa 2000 ndi 2015. Linapezanso kuti pa sekondi iliyonse, nsalu zodzaza lole imodzi zimatayidwa kudzala kapena kuotchedwa.

Kutaya kumeneku kuli ndi mtengo wake. Akatswiri amayerekeza kuti malaya amodzi a thonje amafuna madzi okwana malita 2,700, kuyambira kumunda mpaka kusitolo. Amenewa ndi zigubu 135 za malita 20. Komanso ulusi woposa theka wa umene ukupangidwa pa dziko lero ndi wa poliyesitala, wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Nsalu yotere ndi mbale wake wa pulasitiki. Siola msanga m'nthaka, ndipo ikaotchedwa imatulutsa utsi woipa.

Osoka nawo amavutika. Pa 24 April 2013 nyumba ya nsanjika yotchedwa Rana Plaza, pafupi ndi mzinda wa Dhaka ku Bangladesh, inagwa. M'nyumbamo munali mafakitale osoka zovala zogulitsa ku Ulaya ndi ku America. Anthu oposa 1,100 anafa. Chovala chikatsika mtengo kwambiri, kawirikawiri pamakhala wina amene walipira ndi thukuta lake.

Nanga zovala zimene anthu a maiko olemera atopa nazo zimapita kuti? Zambiri zimamangidwa m'mabelo n'kubwera ku Africa kuno. Ife timati kaunjika, anzathu a ku Zambia amati salaula. Kaunjika watiphula ambiri, ndipo mabanja ochuluka amadyera malonda ake. Koma ogulitsa amadziwa kuti m'belo simukhala zabwino zokhazokha. Ku Ghana, pa msika wa Kantamanto mumzinda wa Accra, bungwe la The Or Foundation limayerekeza kuti pamafika zovala pafupifupi 15 miliyoni sabata iliyonse, ndipo pa zovala 100 zilizonse, pafupifupi 40 zimathera kudzala. Zina zimatseka ngalande, zina zimakafika m'mphepete mwa nyanja.

Ndiye chifukwa chake anthu ayamba kufunsa kuti: kodi tingavale bwanji popanda kuononga madzi, nthaka ndi anthu? Akayang'ana boro amapezamo yankho losavuta. Chovala chimene sichiononga kanthu ndi chimene muli nacho kale, mukachivala nthawi yaitali. Maiko ena ayamba kuchitapo kanthu. Mwachitsanzo, mu 2023 dziko la France linayambitsa dongosolo lochotserako mtengo munthu amene wapititsa chovala kapena nsapato zake kokakonzetsa.

Mawu amodzi: mottainai

Anthu a ku Japan ali ndi mawu akuti mottainai. Amawanena akaona chinthu chabwino chikutayidwa chisanathe ntchito yake, monga mmene ife timanenera kuti, "Aa, koma ndiye n'kuononga!" Mayi Wangari Maathai a ku Kenya, amene analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004 atatsogolera ntchito yobzala mitengo, anamva mawuwa atapita ku Japan mu 2005. Anawakonda kwambiri ndipo anayamba kuwaphunzitsa m'misonkhano ya maiko.

Mu 2006 nduna yoona za chilengedwe ku Japan, Yuriko Koike, inalimbikitsa anthu kuti abwerere ku furoshiki m'malo mwa majumbo a pulasitiki. Furoshiki ndi nsalu ya makona anayi yomangira katundu. Apa amayi athu safunika mphunzitsi. Chitenje chimodzi chimavalidwa, chimabereka mwana, chimamanga ufa wochokera kuchigayo, chimakhala nkhata, ndipo chikatha chimakhala thewera. Chimatha kuchita zonsezi chifukwa sichinadulidwe.

Tisanamizane

Pali zinthu zitatu zoyenera kuzinena poyera. Choyamba, amayi a ku Aomori sankasoka boro pofuna kuteteza chilengedwe kapena kukongoletsa. Unali umphawi ndi kuzizira. Ankasoka usiku atatopa, m'kuwala kochepa. Palibe amene angafune kuti moyo wotere ubwererenso. Chimene tikutengako ndi luso lawo, osati mavuto awo.

Chachiwiri, Japan wa lero nayenso amagula ndi kutaya zovala zambiri monga maiko ena olemera. Nzeru ya makolo imatha kuiwalika kwawo komwe.

Chachitatu, nsalu monga bashofu ndi ya utoto wa sukumo zimadya nthawi yambiri, choncho ndi zodula. Sizingaveke anthu onse. Ndiponso pali mafakitale amene amang'amba dala zovala zatsopano n'kuikapo zigamba kuti zioneke ngati boro. Kumeneko ndi kuononga komwe kuja, kwangovala nkhope ina.

Phunziro lenileni silifuna ndalama. Sankhani nsalu yolimba, isamaleni, ikonzeni isanatheretu, ndipo ikatha ipatseni ntchito ina.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Tiyerekeze kuti mwagula malaya opyapyala a K6,000 ndipo atha pa miyezi 6. Ndiye kuti mwalipira K1,000 pa mwezi. Mnzanu wagula olimba a K12,000 ndipo wawavala miyezi 24. Iye walipira K500 pa mwezi. Akaikapo chigamba n'kuwavalanso miyezi ina 6, mtengo watsika kufika K400 pa mwezi. Kodi wagula zotchipa ndani? Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yesani nokha

Pezani singano, ulusi wolimba, sizasi ndi kansalu kakale koma kosaperepeseka. Chovala chachikulu cha pa kaunjika chimene ena akuchikana chifukwa cha banga chingakupatseni zigamba zambiri.

1. Yang'anani chovala chanu pa dzuwa. Pamene kuwala kukudutsa ndi pamene padzabooke. Konzani pamenepo pasanabooke.

2. Sankhani chigamba cha nsalu yofanana ndi chovalacho, thonje pa thonje. Chichapeni kaye kuti chisadzafupike pambuyo pake.

3. Dulani chigamba chokulirapo kuposa pong'ambikapo, chopitirira ndi zala ziwiri mbali zonse, kuti chigwire pa nsalu yolimba.

4. Ikani chigambacho m'kati mwa chovala kapena pamwamba, n'kuchigwiriziza ndi misoko ikuluikulu yongoyembekezera.

5. Sokani mizere yoongoka kudutsa chigamba chonse, osati m'mbali mokha. Msoko uliwonse ukhale wautali ngati kambewu ka mpunga. Mizere italikirane ngati theka la chala.

6. Musakoke ulusi kwambiri. Mukatha mzere uliwonse, salazani nsaluyo ndi zala kuti isakwinyike.

7. Mukafuna kukongoletsa, sokaninso mizere ina yopingasa, kapena gwiritsani ntchito ulusi woyera pa nsalu yakuda.

Chigamba choyamba sichidzaoneka bwino kwenikweni. Musataye mtima. Kumbukirani mmene zilembo zanu zoyamba zinkakhotera, koma lero mukuwerenga kabuku kano. Ndipo abambo, musati iyi ndi ntchito ya amayi okha. Atelala ambiri a m'makhonde a masitolo ndi amuna, ndiye singano ya pamanja ingakukanikeni bwanji?

Tsiku lina mnzanu akadzaimirira kupita ku bolodi ali ndi chigamba pa buluku, musadzaseke. Mudzayang'ane mmene chasokedwera, ndipo ngati chasokedwa bwino, mudzafunse amene anasoka kuti akuphunzitseni.

Mafunso okambirana pagulu

1. Chifukwa chiyani alimi a ku Aomori sankalima thonje?

2. Tchulani ntchito ziwiri zimene ulusi wa sashiko unkagwira pa nsalu.

3. Kodi kimono imadulidwa zidutswa zingati? Ubwino wa kadulidwe kameneka ndi wotani?

4. Kodi kwanuko zovala zakutha mumazitani? Nanga agogo anu ankazitani?

5. Lembani m'kope lanu zovala zitatu za pakhomo panu zimene zingakonzedwe sabata ino. Mudzabwere ndi chimodzi tsiku lokumana, pamodzi ndi singano ndi ulusi.